Mthiko wa pa zenera: momwe nyumba za ku Mchengautuwa zimapumira

M'nyumba yomwe ndinkachita lendi ku Mchengautuwa munali mithiko iwiri. Wina unali wa nsima. Winawo, wokalamba ndi wong'aluka kumutu, unali utapuma pa ntchito ya mumphika ndipo ndinaupatsa ina: kugwira zenera la kuchipinda kuti lisadzitseke. M'mawa ndinkakankha zeneralo n'kupanikiza mthikowo pakati pa felemu ndi chitsulo chotchingira akuba, madzulo n'kuuchotsa n'kuugoneka kuseri kwa katani. Zinayenda choncho miyezi yambiri, mpaka tsiku lomwe kunabwera alamu anga kudzacheza. Iwo ndi munthu waukhondo. Ataona mthiko uli pa zenera anangopukusa mutu, kuutsuka ndi sopo, n'kukaubwezera m'dengu la ziwiya. Dzuwa litapendeka kunadza kamphepo kaja kamatsogolera mvula, zenera linapita uko n'kubwerera ndi ukali, ndipo tinangomva kuti phwaa! Galasi la m'munsi linali pansi.

"Alamu," ndinatero tikutolera zidutswa, "mthiko uja unalitu pa ntchito."

Anaseka mpaka misozi, anapepesanso, koma galasi silimva kupepesa.

Kuyambira tsiku limenelo ndikamayenda m'tinjira ta ku Mchengautuwa maso anga amakhala pa mazenera. Nthawi yabwino ndi cha m'ma 8 koloko m'mawa, nkhungu ikayamba kuyera, amayi akayanika mabulangete pa chingwe n'kutsekula nyumba kuti fungo la usiku lituluke. Mukaona zomwe zagwira mazenerawo mudzaseka nokha. Apa chidutswa cha njerwa, apo chitsononkho cha chimanga, uko nsapato ya mwana yomwe inzake inasowa. Ena anamangirira handulo ya zenera ku msomali wa pakhoma ndi legeni wa chubu cha njinga, ena ndi nsanza ya chitenje, ena ndi waya wa chaja yakufa. Ndipo pakati pa mazenera ogwiriziridwa moterewa pali ena ambiri omwe satsekulidwa n'komwe. Kangaude anamangapo kalekale. Ena anawakhomera lata, ena katoni, ena thumba la feteleza.

Dzina la derali ndi la Chitumbuka, ndipo limanena za mchenga woyera. Ndi limodzi mwa madera okhala anthu ambiri mu Mzuzu, mzinda womwe kalembera wa 2018 anaupeza ndi anthu oposa 220,000. Mzuzu weniweniyo si wakale. Unamera m'mbali mwa esiteti ya mitengo ya tung yomwe inatsegulidwa mu 1947, ndipo unalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985. Nyumba zambiri za ku Mchengautuwa anthu anadzimangira okha, pang'onopang'ono, chaka chino khoma, chaka chamawa malata, mazenera akadzapezeka makobidi. Mtumbuka, Mtonga, Mngonde, Mlambya ndi Mchewa amakhala khomo ndi khomo, ambiri a iwo pa lendi. Mfundo ya lendiyi muisunge, tibwereranso.

Vuto la zenera lokana kukhala chotsekula tisaliyese lathu lokha. Ku Mangalande ndi ku Amereka kuli mtundu wa zenera lotchedwa sash, lomwe silitsekukira kunja ngati chitseko. Limakhala ndi mafelemu awiri a matabwa, lina m'mwamba lina m'munsi, ndipo limatsekulidwa pokweza felemu la m'munsi kapena kutsitsa la m'mwamba, likutsetsereka m'mipata ya m'mbali. Tsono chinthu chokwezedwa chimafuna kugwa. Galasi ndi lolemera kuposa momwe limaonekera: lokhuthala mamilimita 4, lotalika mita imodzi mbali zonse, limalemera makilogalamu 10, osawerengera thabwa lolizungulira. Afalansa anaona bwino ngoziyi ndipo zenera lotere analipatsa dzina la guillotine, chimpeni chija ankadulira anthu mitu.

Nzeru yomwe amisiri a ku London anapeza m'zaka za m'ma 1670 ndi yokoma kuimva. M'mbali zonse ziwiri za zenera anasiya mphako yobisika, ngati bokosi lalitali. M'mphakomo anapachikamo zitsulo zolemera, za mtovu kapena chitsulo chosungunula, zomangidwa ku chingwe chomwe chimadutsa pa kawilo kumwamba n'kudzamangidwa ku felemu. Chitsulo chilichonse chimalemera pafupifupi theka la felemulo, choncho ziwirizo zikaphatikizana zimafanana nalo. Zili ngati sikelo ya pa msika yomwe mbali zake zalingana: mukakweza zenera ndi chala chimodzi limakwera, mukalisiya pakati limaima pomwepo. Nyumba ya Ham House kufupi ndi London ili ndi ena mwa mazenera oyambirira otere, ndipo ena amati nzeruyi inachokera kwa katswiri wa sayansi Robert Hooke, yemwe anathandiza kumanganso London moto waukulu wa 1666 utawononga mzindawo. Mantha a moto omwewo ndiwo anachititsa kuti lamulo la 1709 lilamule kuti mazenerawa azilowa mkati mwa khoma ndi mainchesi 4, ndipo la 1774 linalamula kuti mabokosi a zitsulo aja azibisika kuseri kwa njerwa.

Koma zitsulo, zingwe ndi timawilo zinali za anthu a ndalama. Nyumba za anthu wamba, makamaka za kumidzi ku Amereka, zinali ndi mazenera okwera ndi kutsika omwewo opanda cholemetsa chilichonse. Nanga ankatani? Ankatenga kamtengo. Wochenjera ankasema timano m'kamtengoko kuti zenera liziima pamtunda wosiyanasiyana. Wina ankaboola timabowo m'mbali mwa felemu n'kumalowetsamo msomali kapena kachikhomo. Wina ankakhomera kathabwa kozungulira pa sikuluwu imodzi, kotembenuka n'kutchinga zenera lisatsike. Ngakhale m'nyumba zapamwamba zija, chingwe chikaola n'kuduka, chitsulo chimagwera pansi pa mphako ndipo mwini nyumba amathamangira buku, botolo kapena chipande. Lero lino ku London kuli anthu a malipiro onona omwe zenera lawo lagwiriziridwa ndi rula ya mwana wa sukulu. Nditamva zimenezi manyazi a mthiko wanga anachepako.

Amishoni omwe anafika kumpoto kuno anachokera ku Scotland, dziko lomwe zenera lotere ndi lofala mpaka ali nalo dzina lawolawo, sash and case. Mmodzi wa iwo, Robert Laws, atasamukira ku Khondowe mu 1894, sukulu ya Livingstonia inayamba kusula akalipentala ndi amisiri omanga omwe anamwazikira m'dziko muno, mpaka ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Joni. Komabe zenera lomwe linadzadzaza matauni athu si la matabwa lokwera ndi kutsika lija. Linapambana ndi lachitsulo. Kampani ya Crittall ya ku Braintree ku Mangalande inayamba kupanga mazenera achitsulo mu 1884, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha inayamba kuwapanga ambirimbiri pa miyeso yofanana, oti womanga angogula n'kuika. Kuno chitsulo chinali ndi mwayi wina waukulu: chiswe sichichidya, ndipo sichifufuma ndi mvula ngati thabwa. Nyumba za boma, masukulu, zipatala ndi nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, zinazoloweretsa maso athu kuti zenera lenileni ndi la felemu yachitsulo, magalasi omatidwa ndi pate, handulo ya mkuwa, ndi kachitsulo kakatali ka timabowo kumunsi.

Kachitsulo kameneko ndiye mwini nkhani yonseyi. Amisiri amangokatchula kuti stay. Mbali imodzi kanamangidwa ku zenera, ndipo timabowo take timakolekedwa pa kachikhomo ka pa felemu, kuti zenera liime pomwe mwafuna, kaya pang'ono kaya kwambiri. Ntchito yomwe zitsulo zobisika zimagwira ku London, kuno imagwiridwa ndi kachitsulo kosatalika kuposa dzanja ndi chikhatho. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mdani ndi kulemera kwa zenera, pomwe kuno mdani ndi mphepo. Ndipo Mzuzu, yemwe wakhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 m'mphepete mwa mapiri a Viphya, mphepo saipempha kwa munthu.

Ndiye kachitsuloka kamathera kuti? Pitani kwa owotcherera zitsulo a m'mbali mwa msewu mukaone momwe mafelemu a masiku ano amabadwira. Mafelemu a ku fakitale ndi odula, choncho ambiri amapangitsa kwa mnyamata wa makina owotcherera, yemwe amadula zitsulo zake pamaso panu, magalasi akuda ali kumaso, nthetche zikuthetheka. Luso ali nalo ndithu. Koma mukayamba kunenerera mtengo, iye sangachepetse kutalika kwa felemu, sangachotse mahinjesi, ndipo zitsulo zotchingira akuba simungalole n'komwe kuti azikhudze. Chotsala choti achotsepo ndi stay. Mwina saikapo, mwina aikapo kopyapyala kongodonthezera moto kamodzi. Kenaka pamabwera wopenta, yemwe amapaka penti pa chilichonse, timabowo n'kutsekeka. Kenaka mvula ya Mzuzu, yomwe imachedwa kusiya, n'kutsatidwa ndi mawawa a mu Juni ndi Julayi. Dzimbiri limagwira pa mfundo, wina amakoka mwamphamvu m'mawa wina, kachitsulo n'kutsalira m'manja. Kumeneko ndiye kutha kwake. Ana amakatola kukapangira galimoto ya mawaya.

Apa ndi pomwe ndimadabwa nafe. Pa zenera limodzi timalipira zitsulo zisanu ndi chimodzi kapena khumi zoletsa munthu kulowa, ndipo sitidandaula. Kachitsulo kamodzi kololeza mpweya kulowa timakaona ngati chokongoletsera. Sindikunyoza zotchingira akuba, chifukwa aliyense amene anadzukapo n'kupeza foni itawedzedwa ndi ndodo kudzera pa zenera amadziwa ntchito yake. Koma zitsulo zomwezi, zikaikidwa mothinana, zimaletsa ngakhale dzanja lanu kufikira zenera lomwe mphepo yalikankhira kutali. Mumayenera kutuluka panja, kuzungulira nyumba m'matope, kukalikankha. Mukachita zimenezi kawiri katatu m'nyengo ya dzinja, kachinayi mumangoti likhale chotseka.

Tibwerere ku lendi ija. Zenera la nyumba ya lendi lili ndi eni ake awiri ndipo palibe amene amalisamala. Alandilodi amati anapereka nyumba ili bwinobwino, zothyoka ndi za wokhalamo. Wokhalamo amati anapeza zili choncho, ndipo sangawononge ndalama pa nyumba yomwe angatulutsidwemo mwezi wamawa lendi ikakwera. Pangano lambiri kuno ndi la pakamwa. Polowa m'nyumba munthu amayang'ana denga ngati likudontha, loko wa pa chitseko, mpopi ndi chimbudzi. Palibe amene amayenda zenera ndi zenera kuwerenga ma stay. Ndipo pali manyazi. Kupita kwa adada eni nyumba, munthu wamkulu woti mumamupatsa moni mutapinda mawondo, kukadandaula za kachitsulo? Mumaopa kuoneka wovuta. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo galasi langa lija linafera momwemo: ndinadziwa kwa miyezi kuti stay palibe, koma sindinanene.

Galasi likasweka nkhani imakula. Magalasi a mazenera amachokera kunja kwa dziko lino, ndipo chilichonse chochokera kunja chinalumpha mtengo kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kugula galasi, kulidulitsa, kulinyamula pa kabaza osasweka, kugula pate ndi kulipira woika, zonsezi zimaposa kutali mtengo wa stay yatsopano ndi kuwotcherera kwake. Ambiri amangoti tidzaona, n'kuikapo katoni. Katoni ikanyowa amaikapo lata. Lata likakhomedwa, zeneralo lasanduka khoma. Ku Mangalande anthu ankatseka mazenera ndi njerwa pothawa msonkho wa mazenera, womwe unakhalapo kuyambira 1696 mpaka 1851, ndipo madokotala a kumeneko ankadandaula kuti msonkhowo ukudwalitsa anthu osauka. Makolo athu nawo ankathawa msonkho wa nyumba wa atsamunda. Ife palibe akutilipiritsa kanthu pa zenera, koma tikuwatseka tokha limodzilimodzi.

Wina anganene kuti ku Mzuzu kumazizira, zenera lotseka ndi dalitso. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mawu amenewa amamveka. Koma ndi miyezi yomweyo yomwe mbaula imalowa m'nyumba. Makala akamayaka m'chipinda chotsekedwa amatulutsa mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba ndi mutu ndi chizungulire, amaganiza kuti ndi tulo, ndipo ena sadzukanso. Pafupifupi chaka chilichonse nyengo yozizira imabwera ndi uthenga wotere kuchokera kwinakwake m'dziko muno. Pa usiku wotero kusiyana kwa zenera lotseka ndi lotsekula zala zitatu n'kwakukulu zedi, koma zenera lopanda stay silidziwa kutsekuka zala zitatu. Limadziwa kutsekeka kapena kumenyetseka. Chabwino koposa n'kusagona ndi mbaula m'nyumba n'komwe, pakuti kampata kakang'ono sikangakutsimikizireni moyo.

Palinso chifuwa chachikulu cha TB, chomwe chimayenda mumpweya ndipo chimakonda zipinda zothinana zosapita mphepo. Mu 2007 dokotala Roderick Escombe ndi anzake anasindikiza zomwe anapeza m'zipatala zisanu ndi zitatu za mu mzinda wa Lima ku Peru. Atatsekula mazenera ndi zitseko, mpweya wa m'chipinda unkasinthika pafupifupi ka 28 pa ola. Zipatala zakale, zomangidwa chisanafike chaka cha 1950, za madenga aatali ndi mazenera akuluakulu, zinkafika ka 40, pomwe zatsopano zinkalekera pa 17. Zonsezi popanda makina kapena magetsi. Covid-19 atafika m'Malawi mu Epulo 2020, uthenga wa kutsekula mazenera unamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku, m'makalasi, m'matchalitchi, m'maminibasi. Uthengawo unali wabwino. Koma unkalankhula ngati kuti zenera lililonse limamvera. Mphunzitsi wa kalasi ya ana oposa 80, yemwe mazenera ake theka anawotchereredwa chotseka ndipo theka lina limamenyetseka mphepo ikaomba, akanatani?

Za nkhungu ya pakhoma sindinena zambiri. Aliyense wokhala ku Mzuzu amalidziwa fungo la suti yomwe yakhala mu wadirobu dzinja lonse, ndi nsapato zomera ubweya wobiriwira pansi pa bedi. Udzudzu nawo ndi chifukwa chomveka chotsekera mazenera dzuwa likamalowa, ngakhale ambiri a iwo amalowera m'mipata ya pakati pa khoma ndi denga yomwe timaiwala. Zenera labwino ndi lomwe limatsekuka masana onse n'kutsekeka bwino madzulo, ndipo likakhala ndi waya wa sefa zimaposa.

Ngati mukufuna kuona mbale weniweni wa zenera la guillotine ku Mchengautuwa, musayang'ane nyumba zogona. Yang'anani maokala ndi timashopu totumizira ndalama pa foni. Chitseko cha pa kauntala, cha thabwa lokutidwa ndi lata, chimakhala ndi mahinjesi kumwamba, ndipo m'mawa mwini wake amachikweza n'kuchigwiriziza ndi mtengo umodzi. Chimakhala denga la kasitomala pa dzuwa ndi pa mvula. Koma chonsecho chatsamira pa ndodo yomwe yangoima pa thabwa loterera, ndipo pansi pake pamakhala mutu wa mwana wotumidwa mchere, kapena zala za munthu wowerenga chenje. Chigongono cha woledzera mmodzi n'chokwanira. Apa mdani ndi kulemera, chimodzimodzi ku London. Mbale wina ali m'matakisi ndi m'maminibasi otopa: galasi la chitseko lomwe makina ake okwezera anafa, logwiriziridwa ndi sikuludiraiva kapena pepala lopindapinda kuti lisagwere m'kati mwa chitseko. Mukapempha kuti atsitseko pang'ono, kondakitala amakuyang'anani ngati mwapempha chiwongolero.

Kamtengo si kolakwika. Cholakwika n'kamtengo kongotola. Kalipentala aliyense wa ku Zigwagwa, komwe matabwa a paini a ku Chikangawa amatsikira, ali ndi zidutswa pansi pa benchi zomwe zingachite bwino kuposa mthiko wanga. Pa chitseko cha okala, ndodo imafuna kuti kumunsi kwake kukhale m'kabowo kosemedwa pa kauntala, ndipo kumwamba kukhale ndi mphanda kapena kumangidwe ndi hinjesi, kuti ikagundidwa isathawe. Ndodo ziwiri, uku ndi uku, zimaposa imodzi, chifukwa imodzi imapotoza chitseko ndipo m'kupita kwa nthawi mahinjesi amazuka. Thabwa lake likhale la bulugamu kapena lina lolimba. Paini wa mfundo amathyokera pa mfundo pomwepo. Ena amakoleka chitsekocho ndi tcheni ku mtanda wa denga, ndipo imeneyo ndi njira yomwe chigongono sichingaigwetse.

Ndipo palibe choletsa kubwereka nzeru ya ku London ija. Mchenga wouma wodzaza botolo la malita awiri umalemera makilogalamu atatu ndi pang'ono. Wa m'chigubu cha malita asanu umafika pafupifupi asanu ndi atatu. Chingwe cholimba, kawilo kapena habu yakale ya njinga yokhomedwa pa mtanda, ndi chigubu cha mchenga cholendewera m'kati mwa okala, zingapeputse chitseko cholemera kuti ngakhale mayi wokalamba achikweze ndi dzanja limodzi, ndipo ndodo ikaterereka chizitsika mwaulemu. Mchenga, m'dera lotchedwa ndi dzina la mchenga, sungasowe. Chofunika kukumbukira ndi chomwe Angerezi amaiwala mpaka chitawagwera: chingwe chimatha, ndipo chimathera pomwe chikukhuzana ndi kawilo. Chiziyang'anidwa, ndipo ndodo isachotsedwe.

Pa zenera lachitsulo lotsekukira kunja, kugwiriziza mbali imodzi sikukwanira, pakuti mphepo imakankha n'kukokanso. Njerwa imaletsa zenera kutsekeka koma siiletsa kutsekuka mopitirira n'kubwerera. Legeni amaletsa kupita koma saletsa kubwera. N'chifukwa chake amayi odziwa amaphatikiza ziwirizi, chitsononkho pa hinjesi ndi nsanza pa handulo. Koma chinthu cholimba chopanikizidwa pafupi ndi hinjesi chimapinda felemu pang'onopang'ono, pate amagamphuka, ndipo tsiku lina galasi limang'aluka lokha popanda mphepo. Chomwe chimagwira mbali zonse ziwiri ndi kachitsulo ka ngowe: waya wokhuthala wopindidwa kumapeto, womangidwa ku chitsulo chotchingira akuba, wokoleka pa kabowo kapena pa handulo. Wowotcherera angapange stay yabwinobwino kuchokera ku chidutswa cha chitsulo chafulati, kuboola timabowo tinayi, pa nthawi yosakwana yomwe mungadikire nsima ku lesitilanti. Vuto lake limodzi: felemu ili m'khoma, choncho makina ayenera kubwera kunyumba, magetsi akhalepo, ndipo galasi litchingidwe ndi katoni yonyowa kapena lata chifukwa nthetche zimalidetsa ndi kuliswa. Anthu a mumdadada umodzi atagwirizana tsiku limodzi, mmisiri sangakane. Kadontho ka oilo wakale wa galimoto pa mahinjesi dzinja lisanayambe n'kaulere.

Mazenera a louvre, aja a magalasi opyapyala osanjikizana ngati nthiti, anathana ndi vutoli mwa njira yawo: kachitsulo kamodzi kamatembenuza onse ndipo amaima pomwe mwawasiya. Amalowetsa mpweya wozizira kumunsi n'kutulutsa wotentha kumwamba, monga momwe sash imachitira mukatsekula pang'ono kumwamba ndi kumunsi. Koma m'nyengo yozizira ya Mzuzu satsekeka mokwanira, ndipo wakuba amasolola galasi limodzilimodzi mwakachetechete ngati akuchotsa mabuku pa shelefu. Anthu anawataya mtima. Omwe akumanga tsopano, makamaka a ndalama za ku Joni, akuthamangira mazenera a aluminiyamu a magalasi akuda, otsetsereka cham'mbali. Amenewa safuna stay, safuna cholemetsa, ndipo mphepo siingawamenyetse. Nzeruyi nayo si yatsopano. Kumpoto kwa Mangalande nyumba za anthu wamba zinali ndi mazenera a matabwa otsetsereka cham'mbali, otchedwa Yorkshire sash, pa chifukwa chomwechi chopewa zitsulo ndi zingwe. Amakongola ndithu. Koma zenera lotere limatsekuka theka lokha la kukula kwake, ndipo timawilo take tapulasitiki timayenda m'kanjira komwe fumbi ndi mchenga zimasonkhana. Osasesamo, pakatha zaka zingapo mumalikoka ndi manja awiri mutaponda khoma. Chikomekome cha mkuyu.

Chomwe ndimalakalaka n'chaching'ono. M'makoleji a ntchito zamanja monga Mzuzu Technical College, ndi mwa amisiri ophunzitsa anyamata pansi pa mtengo, zenera lisamatchedwe lomalizidwa lisanaime lokha chotsekula pa mphepo. Ndipo wolowa m'nyumba ya lendi, pomwe akuyesa loko ndi mpopi, atsekulenso zenera lililonse alandilodi ali pomwepo, n'kunena mwaulemu kuti adada, apa palibe chogwirira. Mawu amenewo ndi opepuka tsiku lolowa kuposa tsiku lomwe magalasi ali pansi.

Ine sindinawanene. Galasi lija ndinalipira ndekha, nditakhala milungu itatu ndi katoni ya sopo pa zenera, ndipo stay sindinaikitse chifukwa ndinali nditamva kale kuti lendi ikwera. Mthiko unabwerera pa ntchito yake, koma tsopano nditaumanga kachingwe kofiira kuti mlendo aliyense adziwe kuti si wa kukhitchini. Posamuka ndinausiya pomwepo, kuseri kwa katani.

Mwezi wathawu ndinadutsa njira ya kunyumbako ndikuchokera ku maliro. Khoma analipaka laimu watsopano, pakhomo pali ana awiri omwe sindikuwadziwa, pa chingwe pali mayunifolomu. Zenera la kuchipinda linali lotsekula. Ndinachedwetsa phazi kuti ndione chomwe chaligwira. Sunali mthiko. Unali mpini wa ambulera, wopindika kumapeto, wokolekedwa bwinobwino pa chitsulo chotchingira akuba, ndipo mphepo itaomba zeneralo linangonjenjemera pang'ono n'kukhala pomwepo.